Tsiku Limene Ndinadzaza Thanki ya Achimwene

Ndinanyamuka ku Benga, kwa Mwadzama, nthawi itangodutsa 8 koloko m'mawa, pa galimoto ya munthu amene anamwalira m'bandakucha wa tsiku lomwelo. Munthuyo anali achimwene anga a Saidi. Foni inandipeza ndikupinda mkeka nditamaliza swala, pemphero lathu la m'mawa, ndipo amalume sanazungulire.

"Yusufu, mkulu wako watisiya. Tiika ikangotha swala ya masana. Akuti sanda ili kwa iwe. Usachedwe, kuno kukutentha."

Kwathu ndi ku Ngala, kupitirira Dwangwa. Ife Asilamu sitigoneka maliro masiku awiri podikira abale, makamaka mu Okutobala, dzuwa likamawotcha ngati lakwiyira munthu. Ndinali ndi maola asanu, pa ulendo wa maola atatu. Ndinadziuza kuti nthawi ilipo yokwanira ndi yotsala.

Sanda ndi nsalu zoyera zitatu zimene timavekera mwamuna akamwalira. Ya achimwene sinali ya pagolosale. Mnzawo wina amene anapita ku Haji anawabweretsera kuchokera ku Maka, ataiviika m'madzi a chitsime chopatulika cha Zamzam. Mwezi wa Juni, matenda a impso atayamba kuwatupitsa miyendo, anayendetsa galimoto yawo komaliza kudzandiona kusukulu kumene ndimaphunzitsa. Anandipatsa makiyi ndi phukusi.

"Alamu ako akaiona nsaluyi m'nyumba amalira, ndiye ine ndatopa ndi kubisa," anatero. "Tsikulo likadzafika udzabwere nayo wekha, udzatsikenso m'manda kundilandira. Ndi ziwiri zokhazi zimene ndikukupempha."

Ine ndinaseka, n'kuwafunsa kuti akuthamangira kuti. Iwo anasekanso, anamwa tiyi, kenako anabwerera pa minibasi.

Galimotoyo inali kagalimoto kakang'ono, kokalamba, ka zitseko zinayi koma ziwiri zokha n'zimene zinkatsegukira kunja. Kalekale kanali ka buluu. Achimwene anakagula kataguga kale, ndipo kwa zaka khumi ndi chimodzi ankanyamulira anthu pakati pa boma ndi Dwangwa. Ankakatchula kuti Abiti, monga mmene timatchulira mayi wolemekezeka, ndipo ankalankhula nako pokwera mtunda. Chichokereni mwini wake, Abiti anangokhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yanga. Laisensi ndili nayo, koma ndinalibe kopita.

M'mawa umenewo batire linali litagona. Aphunzitsi anzanga atatu anakankha, mataye ali pakhosi, mpaka Abiti anatsokomola kawiri n'kudzuka. Ndinatsegula ku buti kuti ndiikeko phukusi la sanda, koma fungo la nsomba za zaka khumi ndi chimodzi linandibweza. Ndinati ayi, nsalu ya ku Maka singagone pamene pankagona usipa. Ndinaikulunga m'chitenje choyera bwino n'kuiika pa mpando wakumbuyo, pakati penipeni, ngati mlendo wolemekezeka.

Pa mlatho wa Chia ndinafika cha m'ma kota tu 9. Ogulitsa nsomba anathamangira ku windo atakweza chambo m'mwamba, wina akuti zitatu faifi sauzande, wina akulumbira kuti za mnzakeyo n'za dzulo. Achimwene pamenepa sankadutsa osaima. Ankatha kukangana ndi munthu mphindi makumi awiri pa nsomba imodzi, kenako n'kugula kwa wina. Ine ndinangopukusa mutu n'kudutsa, ndipo apa m'pamene ndinalira koyamba, ndekha, manja ali pa chiwongolero chimene chinatha khungu pamalo pamene ankagwira iwo.

Pa boma ndinayamba ndatenga azakhali a Mwanaisha, mlongo wawo wa malemu bambo athu, amene amakhala kufupi ndi mzikiti wakale. Ndi mayi wamkulu thupi, wa mawondo ovuta ndi pakamwa posavuta. Anakhala kutsogolo chifukwa kumbuyo sakanatha kupinda miyendo. Atangokhala anasisita dashibodi.

"Abiti, mwini wako wakusiya," anatero, kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe, umatha kuyendetsa, kapena tikaikidwa atatu lero?"

Singano ya geji inali itatsamira pansi, choncho tinalowa pa mzere wa petulo. Anali masiku aja a kusowa kwa mafuta, pamene munthu ukamva kuti thanka yafika umasiya chakudya pa mbale. Mzere unali utakhota mpaka kuseri kwa msika. Tinaima pamenepo kupitirira ola, tikusuntha pang'onopang'ono, azakhali akudya mandasi awiri a thu handiredi kwacha imodzi uku akuwanyoza kuti ndi mpweya wokhawokha.

Pano ndiyenera kuulula kanthu. Pa zaka zonse zimene ndinakwera Abiti, sindinaonepo achimwene akudzaza thanki. Ankathira theka, basi. Ngakhale tsiku limene apeza ndalama, theka. Ukawafunsa ankangoti, "Abiti sadya mokhuta, amasanza." Ine ndinkati ndi nthabwala za munthu woumira. Pa tsiku la ukwati wanga petulo anatithera m'minda ya nzimbe, mkwatibwi ali m'galimoto, tinachedwa ola lathunthu. Ndinawakalipira pamaso pa anthu, ndinawanena kuti umbombo wawo udzawaphetsa. Iwo anangotenga chigubu n'kuyamba kuyenda. Nkhani imeneyi ndinkaikamba pa maphwando kwa zaka zambiri, anthu n'kumaseka, iwonso n'kumaseka nawo.

Ndiye titafika pa pampu, wothira mafuta atafunsa kuti, "Athire angati, bambo?" ine ndinayankha mokweza, ngati ndikufuna kuti wina andimve ku Ngala.

"Dzazani. Fulu thanki."

Pampu itadula yokha, tinachita zimene aliyense ankachita masiku amenewo. Ine ndi wothira uja tinagwira denga la galimoto n'kuyamba kuigwedeza uku ndi uku kuti petulo akhazikike, malo apezeke, alowe wina. Azakhali ankagwedezeka m'katimo akutukwana. Tinathira, tinagwedeza, tinathiranso, mpaka petulo anaonekera pakamwa pa thanki. Ndinali wokhutira kwambiri. Ndinaganiza kuti lero lokha Abiti akafike kwa mbuye wawo atakhuta.

Nditaliza injini, singano inakwera n'kudutsa kamzere kofiira kamene kanali pa galasi la geji, pakati penipeni. Kamzereko ndinali nditakaona kambirimbiri. Ndinkayesa kuti mwana wina anaseweretsapo utoto.

Tinachoka pa boma hafu pasiti 10 itadutsa pang'ono. Tisanapite patali azakhali anakweza mphuno.

"Fungo limeneli ndi la chiyani?"

"Ndi la pa filing'i paja, azakhali. Litha."

Silinathe. Ndinatsitsa mawindo onse awiri akutsogolo, koma mphepo inangokhala ngati ikulikoka kumbuyo n'kulibweretsa kumaso kwathu. Msewu wa kumpoto kwa boma ndi wopapatiza, wodyeka m'mbali, ndipo pa dzenje lililonse ndinkamva petulo akukhavukira pansi pathu. Fungo linakula, lija lotsekemera moipa lomata pa lilime. Maso anayamba kundiwawa, mutu kugunda m'mbali. Azakhali anaphimba mphuno ndi mpango n'kusiya kulankhula, chinthu chimene sindinachionepo chibadwire. Ndinadziwa kuti china chake chalakwika, koma ndinkayang'ana wotchi, osati galimoto. Ndinkati tingofika.

Cha m'ma 20 pasiti 11, titatsala pang'ono kufika pa mlatho wa Bua, wa kabaza wina anatipeza pa njinga yamoto n'kuyamba kumenya chitseko ndi dzanja.

"Zimitsani! Mukutaya petulo! Mupsa inu!"

Ndinaima n'kuzimitsa. Nditagwada kuyang'ana pansi, ndinaona chimene ankanena wa kabaza uja. Petulo sankadontha, ankachucha, kutsetsereka m'mbali mwa thanki n'kumagwera pafupi ndi paipi ya utsi imene inali yotentha moti inkalira tik tik. Kumbuyo kwathu kunali mzere wonyowa pa phula mpaka kumene maso analekera. Ndipo ine, ndi nzeru zanga za uphunzitsi, ndinali nditaima pafupi ndi amayi okazinga chinangwa pa moto wa nkhuni. Anthu anakuwa, ena anathira mchenga pa moto, amuna angapo anakankhira Abiti patsogolo pansi pa mtengo. Asanamalize n'komwe kukankha, munthu wina anali atagona kale chafufumimba pansi pa galimoto ndi botolo, kutchera madontho.

Anaitana makaniko wa pamalopo, bambo wa imvi, wowonda, dzina lawo a Chirwa, amene ankakonza njinga zamoto pansi pa chisakasa. Anabwera akupukuta manja, koma atangoiona galimoto anaima.

"Awa si Abiti a a Saidi? Mwini wake ali nkhu?"

Ndinawauza. Anavula chipewa. "Chiuta wawalandire," anatero. "Munthu uja sankadutsa pano osandiimbira huta." Kenako anasuzumira pa windo, anayang'ana geji, n'kundiyang'ana ine.

"Wadzaza ndani?"

"Ndine."

"Adada, mzere uwu simunauone?"

Sanadikire yankho. Anatsegula chitseko chakumbuyo kuti atukule mpando, ine n'kuthamangira kuchotsa phukusi. Linali lolemera, lozizira m'manja. Chitenje chinali chitanyowa pansi ponse. Nditamasula ndinapeza nsalu zonse zitatu zili ndi mabala achikasu, zikununkha moti ndinabweza mutu. Ndinakhala pansi, pa fumbi, sanda ili pa miyendo.

A Chirwa anatukula mpando n'kundionetsa, mwina pofuna kuti maso anga achoke pa nsaluyo. Pa timagalimoto totere thanki imakhala pansi pa mpando wakumbuyo. Chitsulo chimene chimaphimba pamenepo chinadyeka ndi dzimbiri kalekale, moti pakati pa thanki ndi thonje la mpando panalibe kanthu. Kalabala kozungulira pakamwa pa pampu ya m'thankimo kanali kataphwanyika ngati fodya wouma. Ndipo thanki yeniyeniyo inali ndi mng'alu pa msoko, chapakati, pamene zitsulo ziwiri zimakumana.

"Mukathira theka, petulo safika pa mng'alu," anatero. "Mukapitirira, amatuluka apa, ndipo pa mabampu amatumphira m'mwamba umu. Thanki ya mtundu uwu anaifuna mpaka ku Lilongwe, osaipeza. Kuwotcherera ndinawakaniza ine, chitsulo chake chatha, chingaboke ponseponse. Ndiye anangophunzira kukhala nayo. Koma ankauza aliyense, adada. Inu sanakuuzeni kuti Abiti amasanza?"

Anandiuza. Anandiuza kwa zaka khumi ndi chimodzi. Ine ndi amene ndinkamva zanga.

A Chirwa anati ntchito yake ndi yopopa theka la petulo ndi paipi, kudikira kuti paume, kenako kumata mng'aluwo ndi sopo wochapira, chifukwa sopo akakumana ndi petulo amalimba m'malo mosungunuka. Anati mphindi makumi anayi zikwana. Anayamwa paipi ndi pakamwa, kulavula, petulo n'kuyamba kutsikira m'chigubu. Anyamata a kabaza, amene njinga zawo zinali zitaima masiku awiri, anazungulira chigubucho ngati nkhuku pa madeya. Mmodzi wa iwo, yemwe uja anatiimitsa, anabwera kwa ine.

"Madala, ndamva kuti n'zamaliro. Mundithirire malita asanu, ndikakutulani ku Ngala pakhomo penipeni. Wani koloko ikamakwana tili konko."

Inali kota tu 12. Azakhali, amene anali atakhala pa benchi ya amayi a chinangwa, anamva.

"Kwera, Yusufu. Ine ndibwera ndi galimoto, bambowa apeza wondiyendetsa. Tenga nsaluyo upite."

"Ndipite nayo chonchi? Ikununkha chonchi?"

"Pita nayo choncho. Akaona okha konko."

Sindinakwere. Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake, ndipo yankho silisintha: manyazi. Ndinkaona ndikumasula phukusi pamaso pa ashehe, pamaso pa amalume ndi amuna onse a m'mudzi, fungo la petulo n'kudzaza chipinda chimene asambitsira achimwene, aliyense n'kudziwa kuti mphunzitsi uja anapatsidwa ntchito imodzi yokha. Ndinagula sopo wobiriwira wa mtanda, ndinadula theka n'kupatsa a Chirwa, theka linalo ndinatenga ine. Ndinati ndikachapa msangamsanga, dzuwa ili liumitsa pa mphindi khumi, galimoto ikamatha ine ndathanso.

Azakhali anandiyang'ana ngati sakundidziwa. "Madzi a ku Maka ukawachotse ndi madzi a ng'ona? Mwana iwe, mutu wako uli bwino?"

Ndikutsetserekera kumtsinje foni inalira. Anali amalume.

"Mwafika pati?"

"Tili pafupi, amalume."

"Pafupi pati? Tamusambitsa kale, tikudikira nsalu."

"Pafupi ndithu. Tikufika."

Mawu amenewa tonse timawanena, ngakhale tili m'bafa. Tsiku limenelo sanayenere kunenedwa.

Bua mu Okutobala amakhala ataphwa, madzi ake obiriwira, oyenda mwaulesi kulowera kunyanja. Pa dooko panali amayi anayi akuchapa. Mmodzi anandichenjeza kuti ndisalowe kupitirira m'mawondo, pali mwini malo amene amagona pa bango paja. Anzake anayamba kuseka kuona bambo wa malaya oyera akupinda buluku ndi sopo m'manja. Koma nditatambasula nsalu, zoyera, zitatu, zosasoka, kuseka kunatha. Mayi wina wachikulire anasiya zovala zake, anabwera, anagwira mbali ina ya nsalu osandifunsa kanthu. Tinachapa awiri. Iye ankapaka sopo, ine ndinkatsukuluza, mafuta akuyandama pa madzi ndi mitundu yake ija. Tinafinya, tinayanika pa udzu, tinapsinja m'makona ndi miyala.

Zitayamba kuuma ndinanunkhiza. Mabala anali atachepa, koma fungo linali pomwepo.

"Petulo satuluka tsiku limodzi, bambo," anatero mayiyo. "Ndi ya ndani?"

"Ya achimwene anga."

"Akudikira?"

"Akudikira."

"Ndiye nyamulani muzipita."

Koma ine ndinachapanso kachiwiri. Mayiyo anapukusa mutu, komabe anandithandiza. Ndili mkati moyanika kachiwiriko ndinamva kuitana kwa swala ya masana kuchokera pa kamzikiti ka kutsidya. Mawu amenewo ndawamva moyo wanga wonse, ndipo sanandiopsepo ngati tsiku limenelo. Ndinasonkhanitsa nsalu zili zonyowa m'mphepete n'kuthamanga kukwera mtunda.

Wa kabaza uja anali atapita, atalandira petulo kwa a Chirwa n'kupeza wokwera wina. Galimoto inali itatha kalekale. Mng'alu unali utamatidwa ndi sopo, thonje la mpando lili padenga kuuma, singano itabwerera pa kamzere kofiira ndendende. A Chirwa anakana kulandira kanthu. Anati petulo wotsalayo awagawira anyamatawo, ndipo ine ndikawaperekere moni kumanda. Tinanyamuka faifi pasiti 1. Azakhali anafungatira sanda pa miyendo, ndipo sanandinene ngakhale liwu limodzi. Ndikanakonda akanandinena.

Kuchokera pa Bua ndinathamanga mmene Abiti sanathamangirepo. Fungo linali litachepa, koma linali litalowa kale m'zovala, m'tsitsi, m'kamwa. Tikuyandikira Dwangwa tinalowa m'minda ya nzimbe, ndipo patsogolo pathu panali thirakitala yokoka ngolo ziwiri zodzaza nzimbe zowotcha, ikuyenda ngati ikuperekeza mkwati. Msewu unali wopapatiza, kutsogolo kukubwera malole. Ndinaitsatira mtunda wautali ndikumenya chiwongolero. Penapake m'minda imeneyo ndi pamene petulo anatithera pa tsiku la ukwati wanga, ndipo ndinawaona achimwene m'maganizo, ali ndi suti yobwereka, chigubu m'manja, akuyenda m'mbali mwa msewu osatembenuka.

Foni inalira tili pa Dwangwa, 10 tu 2. Sindinayankhe. Inaliranso, n'kuliranso kachitatu. Kenako inasiya, ndipo sinalirenso.

Tinakhota kusiya phula cha m'ma hafu pasiti 2, n'kulowa kanjira ka mchenga kopita kumudzi kwathu. Tisanafike pa nyumba ndinaona amuna akubwera m'gulu kuchokera ku mitengo ya kumanda, makofia oyera, mapazi ofiira ndi dothi. Anayi anali atanyamula jeneza, bokosi lija timanyamuliramo maliro, ndipo ankalinyamula ndi dzanja limodzi aliyense, mopepuka. Ndinazimitsa injini pakati pa njira. Anthu ambiri anaizindikira galimotoyo, ndipo ena anaigwira denga podutsa.

Amalume anabwera pa windo. Sanakweze mawu.

"Tinakudikira ola lathunthu, mkulu wako ali pa mkeka, kutentha kumeneku. A Juma apafupi apa anatipatsa sanda yawo imene anasungira okha. M'manda anatsikamo mwana wanga ndi anthu awiri a pamzikiti. Ukanandiuza zoona kuti uli pa Bua, ndikanatuma njinga kudzatenga. Unati uli pafupi."

Ndinatuluka, ndinatenga phukusi kwa azakhali, n'kufotokoza zonse pomwepo, pamaso pa anthu omwe aja ndinkawaopa. Ashehe anali pambali pa amalume. Anatenga nsonga ya nsalu, ananunkhiza, n'kundibwezera.

"Petulo si najisi, mwana wanga. Si chonyansa choletsa swala. Ukanabwera nayo mmene inalili, tikanamuveka."

Sindikudziwa ngati ananena kuti anditonthoze. Mawu amenewo anandipweteka kuposa china chilichonse chimene ndinamva tsiku limenelo, ndipo akundipwetekabe.

Ndinapita kumanda ndekha. Dothi linali lisanaume, mapazi a anthu ali ponseponse. Ndinatapa dothi katatu n'kuthira pamwamba pa mulu, ntchito imene ndinayenera kuichita dzenje lili lotseguka. Ndinapempha Mulungu kuti awakhululukire, kenako ndinapempha iwo kuti andikhululukire ine, pa za lero ndi pa za ukwati zija. Ndinaperekanso moni wa a Chirwa, chifukwa ndinalonjeza, ndipo ndinafuna kuti lonjezo limodzi lokha ndilikwaniritse.

Nditabwerera kunyumba, azakhali anali atalowa m'chipinda mmene munali alamu anga a Mariamu ndi amayi ena. Ine ndinakhala pakhonde, pafupi ndi chitseko, phukusi lili pambali panga, osadziwa kuti ndilitani. Patapita kanthawi kulira kwa m'katimo kunadukiza, ndipo ndinamva mawu a alamu.

"Fungo limenelo likuchokera kuti? Abiti abwera?"

Azakhali anatuluka, anatola phukusi osandiyang'ana, n'kulowa nalo. Nsalu yotchinga pakhomo inali yopyapyala, moti ndinkaona. Alamu, amene kale sankafuna n'kuiona komwe sandayo, anaimasula, anaikweza ndi manja awiri n'kukwiriramo nkhope. Anakhala choncho nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka.

"Ndi mmene ankanunkhira akamalowa madzulo," anatero. "Zaka zonsezi. Ndinkawathamangitsa kuti akasambe asanandiyandikire."

Kenako anakweza mawu pang'ono kuti afike pakhonde. "Alamu, munadzaza thanki?"

"Ndinadzaza, alamu."

"Mzere uja ndinajambula ndine, ndi utoto wa zikhadabo. Ankaiwala akamacheza ndi anthu pa filing'i." Ananunkhizanso. "Mwaichapa nsaluyi?"

"Kawiri. Pa Bua."

"Musadzaichapenso. Isiyeni kuno."

Ndinakhala ku Ngala masiku atatu. Pa ulendo umenewu ndinaphunzira za kalabala ka pampu, za msoko wa thanki ndi za sopo, zinthu zimene ndikanatha kuziphunzira tsiku lina lililonse ndikanangofunsa kuti, achimwene, amasanza bwanji? Funso la mawu atatu, ndipo ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi zolifunsira. Ndinasankha kuseka.

Pobwerera ndinapeza petulo pa Dwangwa, mzere uli waufupi. Wothira mafuta anali mnyamata wansangala, ndipo anali atagwira kale denga la Abiti kuti tiyambe kugwedeza.

"Tidzaze, bigi? Mawa kulibe ameneyu."

"Ayi. Theka basi. Ndikuuzani poimira."

Ndinayang'ana singano ikukwera mpaka inagunda kamzere kofiira, n'kukweza dzanja. Mnyamatayo anachotsa paipi akuseka, n'kuuza mnzake mokweza kuti madala enawa umbombo udzawaphetsa.

Ndinalipira, ndinaliza injini, n'kulowa mumsewu wa kummwera mawindo ali otsegula.